Firiji inalira pa take yabwino koposa, ine ndinangokhala chete. Ndikanatani?

WatsopanoPaSeti

Moni akuluakulu onse a ntchito ya mawu. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo.

Ndagwira zaka zitatu mu situdiyo ya wayilesi, kujambula ndi kudula mawu pa kompyuta. Mwezi wathawu ndi pamene ndinaponda koyamba pa seti ya filimu, kafilimu kakafupi ka masiku 6. A mawu tinalipo awiri basi: achimwene ena, wosakaniza mawu, ali pa rekoda, ine pa boom (maikolofoni ya pa ndodo yaitali), komanso za mabatire, zingwe ndi kuveka ma lav (timaikolofoni tobisa m'zovala za osewera) zonse zinali zanga.

Tsiku lachinayi tinali m'khitchini ya nyumba yobwereka. Mu sewerolo mayi akuuza mwana wake wamkazi kuti bambo ake sabweranso. Ma take (maulendo ojambula gawo lomwelo) atatu oyamba anali ozizira. Pa wachinayi mayi uja analowa nazo mumtima, mawu akunjenjemera, misozi yeniyeni ili chuchuchu. Ali pakati pa mzere, firiji kumbuyo kwanga inadzuka, kaphokoso kakuti thi, kenako kung'ung'udza. Ndinaimva bwinobwino m'mahedifoni. Ndinayang'ana achimwene aja, ndinapeza atawerama akulimbana ndi risiva (cholandirira mawu) ya lav imene inkaduladula. Dailekita anati "cut", seti yonse ili zii, kenako anati: "Tapeza. Tiyeni kutsogolo." Ine m'kamwa munauma gwa. Mumtima ndinati ndine wa dzulodzulo, ndingadule bwanji chisangalalo cha anthu 20 chifukwa cha firiji?

Patapita masabata atatu wokonza mawu anaimba foni. Take ija ili ndi firiji pakati, ndiponso mawu akumveka kutali chifukwa makamera anali awiri, ina ikutenga chipinda chonse, ndiye boom yanga inali pafupi ndi denga. Anamuitana mayi uja ku situdiyo kuti abwereze mawu. Anayesa maola awiri, sizinafanane. Chimene chikundiwawa n'chakuti ntchito yotayikayo si yanga, ndi yake.

Tsopano andiitana pa sewero la pa TV, masabata 5, pa boom pomwepo. Ndavomera koma mantha ali tho. Ndithandizeni: munthu wa mawu amalankhula nthawi iti, ndipo amauza ndani? Komanso ndigule maikolofoni yanga kapena ndidikire? Pa seti ija tinkagwiritsa ntchito maikolofoni ya MKH 416 paliponse, panja ndi m'nyumba momwe.

GogoWaTepi

Mwanawe, uyambe wapuma. Makutu ako anagwira ntchito yake, anamva. Chimene unasowa ndi njira yotulutsira zimene wamvazo, ndipo imeneyo imaphunzirika.

Koma ndikubweze m'mbuyo pang'ono, chifukwa nkhaniyi sinayambire pa take yachinayi. Inayamba m'mawa mutangolowa m'khitchinimo. Ine ndikafika malo atsopano, anzathu a magetsi akutsitsa katundu, ndimaima pakati pa chipinda n'kutseka maso kwa mphindi imodzi. Firiji, wotchi ya pakhoma, fani, mpopi wodontha, babu yolira, jenereta aika mbali iti, msewu uli kuti. Zonsezo ndimazitchula nthawi imeneyo, pamene kuzikonza sikudya nthawi ya munthu. Firiji timaizimitsa kusoketi ndi chilolezo cha mwini nyumba, ndipo makiyi a galimoto kapena a bokosi la zida timawaika m'kati mwa firijimo, kuti madzulo tisachoke tisanaiyatse. Ndinaliphunzira luso limeneli movutikira: tsiku lina ndinaiwala, za eni nyumba zonse zinaonongeka, ndipo manyazi ake ndikuwakumbukirabe.

Za nthawi yolankhula. Kamera ikuzungulira, iwe sudula take. Mawu akuti "cut" ndi a dailekita, pokhapokha munthu ali pangozi. Mwina iye akudziwa kuti mbali imeneyo adzaika nyimbo, mwina akufuna nkhope yokha. Koma akangoti "cut", mphindi imeneyo ndi yako, ndipo ndi yaifupi, masekondi owerengeka asanayambe kusuntha magetsi. Iwe wa boom uuze wosakaniza mawu wako, iye auze wothandizira dailekita woyamba. Ngati wosakanizayo watanganidwa monga zinalili kwa iwe, umugwire paphewa. Ndipo usamanene kuti "mawu sanali bwino", palibe amene angachite kanthu ndi zimenezo. Uzinena chinthu, malo ndi mankhwala ake: "Firiji yalira kuyambira pamene amati bambo ako mpaka kumapeto. Tipatseni take ina, kapena mizere iwiriyo yokha." Ukatero dailekita wamupatsa chosankha. Akhoza kukana, ndi ufulu wake, koma wakana akudziwa.

Chimene mukanapulumukira tsiku lija ndi wild track, kujambula mawu okha popanda kamera. Kamera yazima, aliyense akhale pomwe ali, firiji yazima, boom itsike mpaka pamutu pa mayiyo, anene mizere ija kawiri kapena katatu misozi isanaume. Mphindi ziwiri zokha. Chipinda ndi chomwecho, maikolofoni ndi yomweyo, mmero wake udakali wotupa ndi kulira. Ku situdiyo patapita masabata atatu zonsezo kulibe, n'chifukwa chake analephera. Si kuti ndi wosadziwa ntchito.

Akakana zonse, ulembe mu lipoti la mawu: sini, take, vuto. Kulembako si kodzitetezera ayi, n'kothandiza wokonza kuti asafufuze mumdima.

Ine ndinayambira pa rekoda ya Nagra 4.2, ya tepi. Kagudumu ka mainchesi 5 kankatha pa mphindi pafupifupi 15, ndipo mawu ankapita pa track (kanjira ka mawu) imodzi. Ukasakaniza molakwika, zalakwika mpaka kalekale. Zinatiphunzitsa kumvetsera kamera isanayambe. Makina a masiku ano ndi abwino kuposa athu aja, sindikunyoza, koma achititsa ambiri kuganiza kuti zonse zikakonzedwa kutsogolo.

Za 416: ndi maikolofoni yolimba, chinyontho sichiigwetsa msanga, panja ndi mfumu. Koma kachubu kake kokhala ndi timipata m'mbali kaja, kamene kamakana phokoso la m'mbali, m'chipinda chaching'ono cha makoma olimba kamasokonezeka ndi mawu obwerera kuchokera kukhoma ndi kudenga, ndiye munthu amamveka ngati ali m'mgolo. M'khitchini muzipempha yaifupi, monga MKH 50 kapena Schoeps ya MK 41. Ngati thumba la kampani ndi lopepuka, AT4053b imagwira bwino ndithu.

MapewaOlimba

Achemwali, agogo anena zambiri, ine ndingowonjeza za ndodoyo popeza ndiyo ndimadyera, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano.

Ija yakuti boom inali kudenga musaitenge ngati tsoka lochokera kumwamba. Mtunda ukawirikiza kawiri, mawu olunjika a munthu amatsika ndi 6 dB, koma firiji ndi kuyankha kwa chipinda sizitsika nawo. Mukachoka pa masentimita 40 kufika pa 160, mwataya 12 dB. Palibe batani lobweza zimenezo. Ndiye makamera awiri, ina yotambalala ina yapafupi nthawi imodzi, ndi mdani wathu wamkulu. Mukaona akukonza choncho, lankhulani ndi wosakaniza wanu nthawi ya rehearsal kuti apemphe take imodzi yokha ya kamera yapafupi. Ambiri amavomera mukapempha msanga.

Script muziiloweza ngati ndinu wosewera. Maikolofoni iyenera kufika pa munthu asanatsegule pakamwa, osati kumuthamangitsa atayamba kale. Ine usiku ndimawerenga masamba a mawa ndi kulemba mawu omaliza a mzere uliwonse, chifukwa amenewo ndiwo amandiuza kuti tembenuza ndodo tsopano.

Phunzirani ma lenzi. Mukamva 25 (lenzi yotenga malo aakulu) dziwani kuti mukwera m'mwamba, mukamva 85 (yotenga pafupi) tsikani pafupi. Funsani wogwira kamera mzere wa pamwamba: tsitsani maikolofoni mpaka anene kuti yalowa, kwezani pang'ono, kenako pezani chizindikiro pakhoma lakutsogolo, kaya msomali kaya ngodya ya zenera, muziyezera pamenepo. Yang'ananinso kumene kukuchokera nyali yaikulu. Mukaima mbali yomweyo ndodo yanu ili pakati pa nyali ndi khoma, chithunzithunzi chake chigwera pomwe kamera ikuona. Ndipo anthu a magetsi muzikhala nawo bwino, tsiku lina mudzafuna akudulireni kuwala ndi mbendera yakuda kuti ndodo idutse.

Thupi: zigongono zisakhale zokhoma, manja atalikirane pa ndodo, mphamvu ichokere kumsana ndi m'miyendo. Pakati pa ma take tsitsani ndodo, musaonetse mphamvu. Zala zisamayende pa ndodo, mphete vulani, nsapato zikhale za pansi pofewa, zovala zakuda kuti musaoneke m'magalasi.

Kugula maikolofoni, ine ndikuti ayi, pakadali pano. Wa boom amagwiritsa ntchito zida za wosakaniza. Gulani mahedifoni anu, MDR-7506 kapena HD 25, kuti khutu lizolowere kamvekedwe kamodzi. Onjezani kachikwama ka m'chiuno, sizasi yaing'ono, tochi ndi tepi. Ndipo phunzirani kukulunga chingwe mosinthanitsa, kamodzi chakumtunda kamodzi chakunsi. Wosakaniza wanzeru amakuyezani poona mmene mwakulungira chingwe chake tsiku loyamba.

MkonziUsiku

Ine ndine wa mbali inayo, amene mafayilo anu amandipeza ndili ndekha ndi pulogalamu yokonzera mawu ya Pro Tools pakati pa usiku. Pali pamene ndisiyane pang'ono ndi agogo.

Firiji yolira kuyambira poyamba mpaka pomaliza siindiopsa kwambiri. Phokoso losasintha, pulogalamu ya iZotope RX imalichepetsa bwino, makamaka mawu akakhala pafupi. Chimene chinapha take yanu, achemwali, n'chakuti inadzuka pakati, pamwamba pa mawu onong'ona, boom ili kutali. Ndikayesa kuchotsa pamenepo, ndimachotsa ndi mpweya wa munthuyo, amatsala akumveka ngati ali pansi pa madzi. Ndiye ngati mwini nyumba wakana kuti muzimitse chinthu, kuli bwino chizilira mofanana pa ma take onse kusiyana n'kuti take iyi chilipo, inayo palibe. Podula, kusinthasintha kumeneko ndi kumene khutu la woonera limagwira.

Room tone, kamvekedwe ka chipinda aliyense ali chete, ndipatseni, masekondi 30 mpaka 60, koma ikhale yoona: anthu ali m'malo awo, magetsi ali chiyakire, maikolofoni ili pomwe inali. Ya chipinda chopanda anthu aliyense atapita kukadya siigwirizana ndi chilichonse.

Ma track atchuleni maina pa rekoda. Boom ilembedwe boom, lav iliyonse dzina la munthu wa mu sewero. Ndikalandira "Track 3, Track 4" kwa masabata 5, ndimataya masiku kungofufuza kuti uyu ndani. Jambulani pa 48 kHz, 24-bit, ndipo m'mawa uliwonse mufunse a kamera mafuremu awo pa sekondi, kaya 25, 24 kapena 23.976, musaganizire. Timecode, wotchi yogwirizanitsa kamera ndi rekoda, muilumikize m'mawa, muionenso mukabwera kopuma masana ndi pamene kamera yasinthidwa batire. Kabolodi kowomba poyamba take kaja kaziwombedwabe ngakhale timecode ilipo, tsiku limene manambala asokonekera ndi kamene kamatipulumutsa.

Wina adzakuuzani kuti rekoda ya 32-bit float, monga Zoom F6 kapena MixPre II, yathetsa mavuto onse. Imathandiza munthu akakuwa mwadzidzidzi, fayilo siiphwanyika. Koma siisendeza maikolofoni pafupi ndi pakamwa, ndipo transmita (chotumizira mawu) ya lav ikadzaza isanatumize, rekodayo imangosunga bwino zophwanyika kale.

WatsopanoPaSeti

Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonse m'kabuku. Agogo, ya wild track yandilasa, chifukwa mayi uja anakhala pampando pomwepo mphindi zingapo akupukuta m'maso, ife tikukulunga zingwe. Mpata unalipo.

Achimwene a MkonziUsiku, ndiye bwanji osangodalira ma lav pa sini ngati imeneyo? Tsiku lija lav ya mayiyo inali ndi phokoso la nsalu, ndinaiika ndine, ndipo ndinkachita manyazi kubwerera kukaikonza kachitatu. Anali munthu wamkulu kwa ine, ali m'kati mokonzekera kulira, ine n'kumabwera ndi tepi pachifuwa pake.

MayiWaMaLav

Mng'ono wanga, ndiyankhe ine imeneyo, ndaveka anthu ma lav kwa zaka zambiri.

Manyazi amenewo ndi abwino, akusonyeza kuti ukuona munthu, osati choimikapo maikolofoni. Koma uwasandutse dongosolo. Pita kwa a zovala dzulo lake, ugwire nsalu ndi dzanja, uitikite pafupi ndi khutu. Thonje ndi laulemu. Silika, nayiloni, jekete za pulasitiki, malaya okhuthara ndi sitachi, mikanda ndi ndolo zolendewera, zonsezo zimalankhula kuposa mwini wake. Ukadziwiratu, a zovala akhoza kusokera kathumba m'kati, kusintha mkanda, kapena kumata kansalu kofewa kuseri kwake.

Poveka, uyambe wadzitchula dzina ndi kunena chimene uchite usanamukhudze: "Mayi, ndiika maikolofoni apa, chingwe chidutsa m'kati mpaka m'chiuno. Mudutsitsa nokha kapena ndikuthandizeni?" Ambiri amasankha kudutsitsa okha. Uchitire pambali, osati pakati pa gulu, ndipo wa zovala akhalepo. Akakhala mwana, kholo kapena womuyang'anira akhale pomwepo. Manja akhale oyera ndi ofunda.

Phokoso la nsalu lili pawiri: nsalu kukhuza kamutu ka maikolofoni, ndi nsalu kukhuzana yokhayokha pafupi. Loyambalo umalithetsa pomata nsalu ndi maikolofoni kuti ziziyenda limodzi, ndi kupinda kachingwe kalupu kakang'ono pansi pake kuti kukoka kusafike kumutu. Lachiwirilo tepi siithandiza, usamutse malo. Lav ya COS-11D imalowa bwino mu mfundo ya tayi, DPA 6060 ndi yaing'ono moti imabisala kuseri kwa batani, ndipo nthawi zina m'tsitsi ndi mmene muli bata kuposa pachifuwa. Ukamaliza umuuze ayende, akhale, apinde manja, iwe ukumvetsera. Kukonza kumachitika pamenepo, asanalowe mumtima mwa sewero. Akalowa, monga mayi ako uja, umamusiya, n'kuuza wosakaniza kuti lav iyi tisaidalire, timenyere boom.

China chimene sindinyengerera: "cut" ikangomveka, fader (batani la voliyumu) ya munthuyo itsike. Akupita kuchimbudzi, akuimba foni, akudandaula za dailekita, si zako, ndipo zisafike kwa ovala mahedifoni kumonita. Zimene wamva mwangozi zimafera m'khutu mwako. Wosewera akangodziwa kamodzi kuti nkhani yake inatuluka kudzera kwa a mawu, sadzakulolanso kumuyandikira mwamtendere.

MkonziUsiku

Amayi ayankha mbali yaikulu. Kwanga kuno, lav ndimaitenga ngati chogwirira pamene boom yalephera. Ili pachifuwa, ndiye mawu ake ndi ouma, alibe chipinda, ndipo munthu ali kutali kapena pafupi ndi kamera amamveka chimodzimodzi. Akakumbatirana imatsekeka, akatembenuza mutu kamvekedwe kamasintha. Boom yoikidwa bwino imandipatsa munthu ali m'malo mwake. Zonse ziwiri zikakhala zoyera ndimasangalala, koma pa sini ya misozi ndimayamba kutsegula track ya boom.

GogoWaTepi

Mwanawe, ndabweranso chifukwa cha ntchito ya masabata 5 ija. Sewero la pa TV limathamanga kuposa kafilimu kako, masamba ambiri patsiku, ndipo makamera awiri adzakhala a tsiku lililonse. Sungapambane nkhondo zonse, usayese n'komwe. Munthu wodandaula pa take iliyonse, pofika Lachitatu anthu amasiya kumumva. Galimoto yadutsa pamene palibe akulankhula, isiye. Chitseko chamenyedwa pamwamba pa mzere umene uli bwino pa take ina, lemba, pitirira. Mawu ako uwasungire sini zimene sewero laimapo, ndipo zimenezo uzidziwa powerenga script.

Usanayambe, ukhale pansi ndi wosakaniza wako mugwirizane zinthu zitatu: chizindikiro cha dzanja chimene uzimupatsa ukamva vuto kamera ikuzungulira, ndani mwa inu azilankhula ndi wothandizira dailekita, ndipo iwe uchite chiyani iye akatanganidwa. Umufunsenso ngati padzakhale munthu wachitatu, chifukwa boom ndi ma lav a anthu asanu si katundu wa munthu mmodzi. Tsiku loyamba upite wekha kwa wothandizira dailekitayo, umupatse moni, umuuze kuti pa sini zolemera uzipempha mphindi imodzi ya room tone ndipo nthawi zina mizere ingapo ya wild. Akamva m'mawa mtima uli pansi, madzulo sadabwa.

Ndipo makutuwo uwasamale. Mahedifoni maola 12 patsiku, voliyumu imakwera pang'onopang'ono osazindikira. Ika chizindikiro pa batani m'mawa, usapitirire pamenepo. Kukakhala kuwombera mfuti kapena kuphulitsa kanthu, funsa nthawi yake, chotsa mahedifoni, vala zotsekera. Langa lamanzere limalira usiku chifukwa cha chitseko cha galimoto chimene munthu anamenyetsa lav ili pomwepo.

WatsopanoPaSeti

Ndawaimbira wosakaniza wa ntchito yatsopanoyo madzulo ano. Akuti wachitatu adzakhalapo masiku a anthu ambiri okha, masiku ena tidzakhala awiri. Ali ndi MKH 50 ya m'nyumba. Tagwirizana kuti ndikamva vuto ndizitukula chala chaching'ono pa ndodo, ndipo iwo akatanganidwa ndili ndi chilolezo chopita ndekha kwa wothandizira dailekita. Loweruka tikupita limodzi kukaona nyumba ziwiri zoyamba, ndipo ndapempha kuti andikumanitse ndi a zovala Lolemba.

Mayi wa filimu ija ndawalembera uthenga, ndawauza kuti firiji ndinaimva ndipo sindinanene. Sanayankhebe.

Achimwene a MapewaOlimba, nyumba imodzi akuti denga lake ndi lotsika kwambiri, munthu wamtali akhoza kuligwira. Kuikira boom chakunsi, maikolofoni italoza m'mwamba, mumakuona bwanji?

MapewaOlimba

Kumatheka, ndimachita pamene palibe njira ina. Mawu amalemera chifukwa mukutola za pachifuwa, ndipo manja, mapepala ndi mbale za patebulo zimamveka kwambiri. Mwalozanso kudenga lolimba, ndiye zobwerera zimachuluka. Yambani mwayesa pamwamba ndi MKH 50 pa shock mount (chogwirira maikolofoni choletsa kugwedezeka) yaifupi ndi pulagi yopindika, mudzadabwa mpata umene mupeze. Zikakanika, bisani maikolofoni pa tebulo kuseri kwa chinthu cha mu sini, mutagwirizana ndi oyala seti. Loweruka tengani ndodo ndi mahedifoni, muimike mnzanu pamene adzaime wosewera, muyese njira zonse zitatu, mujambule, mukamvetsere kunyumba.